Mutu 9: Kuona Maso a Nkhono

Boti linanyamuka kukali mbuu. Pamtsinje wa Shire, mkati mwa nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde, nkhungu inali itayala pamadzi, ndipo mvuu zinali zitangobwerera kumene kuchokera kumtunda komwe zinachezera kudya msipu. M'botimo tinalimo anthu asanu, aliyense kamera kapena foni ili m'manja. Titayenda pang'ono, woyendetsa anazimitsa injini n'kuloza ndi mlomo mtengo wouma wa kutsidya. Pansonga pake panatera nkhwazi.

Tonse tinajambula nthawi yomweyo, kenaka mitima inayamba kuthamanga. Wina anati tipite patsogolo, mwina tikapeza njovu. Woyendetsayo anayankha motsitsa mawu: "Dekhani pang'ono, bambo. Inzake ili mumtengo uwo. Ziitanizana posachedwa." Tinakhala chete, boti likutengeka pang'onopang'ono ndi madzi. Dzuwa litangoti tuluku, kuwala kunagwa pachifuwa choyera cha mbalameyo. Apo inaponya mutu chagada, kukamwa kuli yasa, n'kulira kulira kuja komwe aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja amakudziwa ngakhale ali m'tulo. Pa zithunzi zoposa 40 zomwe ndinajambula m'mawawo, ndinasungapo chimodzi chokha, cha mphindi imeneyo. Mwini wake weniweni wa chithunzicho ndi woyendetsa boti uja, ngakhale kuti sanagwireko kamera. Iye ankaidziwa mbalameyo, pamene ife tinkangoiona.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula pa ulendo, kaya akufuna njovu, phiri kapena msika wa m'tauni, ntchito yake yaikulu ndi imeneyi: kudziwa chimene akuyang'ana, kuchipatsa ulemu, ndi kuchidikira. Kamera yodula imathandiza ndithu, koma sigula zitatuzi.

Chakudya cha kamera ndi kuwala

Chithunzi chakale kwambiri chojambulidwa ndi kamera chomwe chilipobe ndi cha Nicéphore Niépce wa ku France, cha m'ma 1826 kapena 1827. Anachijambulira pawindo la nyumba yake, ndipo kuwala kunalowa m'bokosimo kwa maola ambiri kuti madenga a nyumba aoneke. Patapita zaka 30, John Kirk, dokotala komanso katswiri wa zomera amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi Shire kuyambira 1858 mpaka 1863, ankanyamula kamera yogwiritsa mapepala opakidwa phula. Zithunzi zake zambiri n'za mitengo, nyumba, maboti ndi mitsinje, chifukwa kamera za nthawiyo zinkafuna chinthu choima njii kwa nthawi ndithu. Dzina lake ndi lomwe lili pa mapiri a Kirk Range a ku Ntcheu ndi Neno.

Lero foni ya m'thumba imachita m'kuphethira kwa diso zomwe Niépce ankadikira tsiku lonse, komabe kachitidwe kake sikanasinthe. Kamera ndi bokosi lamdima lokhala ndi kabowo, ndipo chithunzi chimapsa bwino kuwala kukalowa kokwanira. Zili ngati kudzaza ndowa pampopi: mutha kutsegula kwambiri kwa kanthawi kochepa, kapena kutsegula pang'ono n'kudikira.

Kukula kwa kabowoko kumalembedwa ndi manambala oyamba ndi f. Nambala yaing'ono, monga f/4, ndiye kuti bowo latseguka kwambiri. Chimene mwalunjika chimaoneka bwino pamene zakumbuyo zimachita chimbuuzi, ndipo izi zimakomera nkhope ya munthu kapena mbalame ili pa nthambi. Nambala yaikulu, monga f/11, ndi bowo laling'ono, ndipo zapafupi ndi zakutali zonse zimaoneka, monga mmene chithunzi cha phiri chimafunira. Nthawi yomwe bowolo likhala lotseguka imayezedwa m'tizigawo ta sekondi. Nkhwazi youluka imafuna 1/1000 kapena kufulumira kuposa apo, pamene mathithi ojambulidwa kwa theka la sekondi, kamera itakhazikika pamwala, amaoneka ngati nsalu yoyera yoyanikidwa. Chachitatu ndi nambala ya ISO. Mukaikweza, kamera imaona ngakhale kukuda, koma chithunzi chimatuluka ndi timadontho ngati mchenga.

Kamera ilinso ndi chofooka chimene anthu akhungu lakuda tiyenera kuchidziwa. Ikamayeza kuwala imafuna kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, chosawala kwambiri komanso chosada kwambiri. Munthu akaima kumbuyo kwake kuli nyanja yonyezimira kapena khoma loyera, kamera imachepetsa kuwala ndipo nkhope imasanduka mthunzi. N'chimodzimodzi njovu kapena njati ikaima pafupi ndi madzi masana. Pafoni mankhwala ake ndi apafupi: dinani ndi chala pankhope pomwepo musanajambule, kuti kamera iyezere pamenepo.

Kuwala kokoma kumabwera kawiri pa tsiku, dzuwa litangotuluka ndiponso likamapendeka kukalowa. Nthawi zimenezi kuwala kumadutsa mumpweya wochuluka kusanatifike, mtundu wa buluu n'kumwazikira m'njira, ofiirira ndi achikasu n'kutsala. Mithunzi imatalika, choncho makwinya a khungu la njovu ndi mizere ya m'munda zimaonekera. Kuno kwathu, popeza tili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, dzuwa limakwera msanga ndipo limalowa mofulumira. Wodzuka 8 koloko wapeza phwando litatha.

Kunkhalango: dziwa nyama usanaijambule

Nkhalango ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 548. Kuyambira mu 2015 bungwe la African Parks lakhala likuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota. Mikango inabwezeretsedwa mu 2018, ndipo mu 2019 kunafika zipembere 17 kuchokera ku South Africa. Nyama zilimo, koma sizikhala poyera chaka chonse. M'dzinja udzu umatalika, madzi amapezeka paliponse, nyama n'kumwazikana m'tchire la mitsanya. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, zithaphwi zikauma, ludzu limazikokera ku Shire. Wofuna njovu zili m'madzi, milambe ndi migwalangwa ili kumbuyo, asankhe miyezi imeneyi n'kupirira kutentha kwake.

Nyama iliyonse ili ndi chizolowezi chake, ndipo chizolowezicho ndicho chimakuuzani nthawi yodina batani. Njiri imagwada ndi miyendo yakutsogolo ikamadya, ndipo ikadzidzimuka imathawa mchira uli chilili. Ng'ona imaothera dzuwa pamchenga kukamwa kuli kotsegula pofuna kuziziritsa mutu. Mbalame zambiri zodya tizilombo zimauluka n'kubwereranso panthambi yomwe ija, kotero simuyenera kuzithamangitsa ndi kamera: lunjikani panthambipo, mudikire. Mvuu ikayasamula kuonetsa mano, si tulo ayi, ikuchenjeza kuti mwayandikira. Njovu ikatambasula makutu, n'kupukusa mutu uku ikuyang'ana kwa inu, chithunzicho chisiyeni, mumvere zomwe wokuyendetsani akunena, makamaka ngati pali ana.

Pojambula, lunjikani padiso. Diso likaoneka bwino, woona chithunzi amakhululuka zina zonse. Yesetsaninso kutsika kuti mukhale mulingo umodzi ndi nyamayo. N'chifukwa chake zithunzi za paboti zimaposa za pagalimoto yaitali: njovu yojambulidwa kuchokera pamwamba imaoneka yaing'ono, koma ya pamadzi imaoneka ndi ulemerero wake wonse. Siyani mpata kutsogolo kwa nyama, mbali imene ikupenya kapena kulowera, kuti isaoneke ngati yatsekeredwa m'khola.

Mbalame ndi nyama zamantha zimafuna lenzi yaitali, ya mamilimita 300 kapena 400. Lenzi yotere imakulitsanso kunjenjemera kwa manja, choncho pemphani kuti injini izimitsidwe. Kathumba ka nsalu kodzaza nyemba kapena mpunga, koikidwa pawindo la galimoto, kamagwira kamera bwino kuposa zida zina zodula. Ngati muli ndi foni yokha, musadzivute ndi kukoka chithunzi ndi zala mpaka mapeto, pakuti mafoni ambiri amangodula chithunzicho n'kuchitambasula, ndipo chimasweka. Jambulani nyamayo ili yaing'ono mkati mwa dziko lake: mzere wa njovu pansi pa thambo lalikulu, kapena nswala zili mumthunzi wa mlambe. Zithunzi zotere nthawi zambiri zimanena zochuluka kuposa nkhope yodzaza pepala.

Pali malire amene wojambula wolemekeza chilengedwe sadumpha. Saomba m'manja kapena kuponya mwala kuti nyama iyang'ane. Sakakamiza dalaivala kusiya msewu. Sayandikira chisa mpaka make kuthawa, chifukwa mazira osiyidwa padzuwa la Okutobala sachedwa kuwonongeka. Sawalitsa fulashi m'maso mwa nyama usiku. Chinanso chimene ambiri sachiganizira n'chakuti foni imalemba mkati mwa chithunzi malo enieni amene chajambulidwira. Chithunzi cha chipembere chikaikidwa pa intaneti ndi malo ake, chitha kulondolera opha nyama mozemba. Zimitsani zolozera malo musanajambule nyama zoterezi.

Phiri ndi nyanja: kumene dzuwa lili

Phiri silithawa, choncho anthu amaganiza kuti kulijambula n'kosavuta. Komabe ambiri obwerera kuchokera ku Mulanje amakhumudwa: phiri lomwe linawaimitsa mtima laoneka pachithunzi ngati chulu chotuwa. Chifukwa choyamba ndi malo a dzuwa. Wochokera ku Blantyre kapena ku Thyolo amaliona phirili lili kum'mawa kwake, ndiye m'mawa dzuwa limatulukira kumbuyo kwa phiri ndipo nkhope yake imakhala mumthunzi. Madzulo kuwala kumagwa pa thanthwe lalikulu la Chambe, ming'alu yonse n'kuonekera, mwala n'kufiira. Nthawi yojambula mbali imeneyi ndi yomweyo.

Chifukwa chachiwiri ndi mpweya. Mu Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri akutali. Mu Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya, mpweya umakhala wotsukidwa, minda ya tiyi ili biriwiri, mitsinje ikutsika m'matanthwe ngati ulusi woyera. M'miyezi yozizira chiperoni chikabwera ndi mitambo ndi mvula yamawawa, musabise kamera m'chikwama. Nsonga yotulukira pamwamba pa mitambo imaonetsa kutalika kwa phirili kuposa tsiku lopanda mtambo.

Chachitatu ndi muyeso. Nsonga ya Sapitwa ndi yaitali mamita 3,002, koma pepala silidziwa mamita. Diso limafuna chinthu chodziwika choyerekezera nacho. Ikani patsogolo mizere ya tiyi, mayi wosenza nkhuni, kanjira kokhota kapena munthu wa njinga, ndipo phirilo lidzakula. Chithunzi chabwino cha malo chimakhala ndi chapafupi, chapakati ndi chakutali, kuti diso liyende ngati munthu akulowa m'mudzi. Mzere wolekanitsa dziko ndi thambo usadule chithunzi pakati penipeni. Thambo likakoma lipatseni malo aakulu, likakhala lotuwa lichepetseni. Panyanja onetsetsani kuti mzerewo wawongoka, apo ayi madzi aoneka ngati akutayikira mbali imodzi.

Nyanja nayo imafuna kudziwa kolowera dzuwa. Ku Senga Bay, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay gombe limayang'ana kum'mawa, kotero dzuwa limatulukira m'madzi, nthawi yomwe asodzi a usipa akufika ndi mabwato kuchokera kochezera. Ku Cape Maclear, mkati mwa malo otetezedwa amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, gombe linatembenuka ndipo dzuwa limalowera m'madzi kuseri kwa zilumba. Kusuzumira pamapu usiku musanagone kungakupulumutseni kudzuka m'bandakucha n'kukaima mbali yolakwika.

Mumzinda: wojambulidwa ali ndi pakamwa

Mu 1838 Louis Daguerre anajambula msewu wa Boulevard du Temple mumzinda wa Paris. Unali msewu wa piringupiringu, wa ngolo ndi anthu oyenda pansi, koma pachithunzipo ukuoneka wopanda munthu. Kamera inakhala yotseguka kwa mphindi zingapo, ndipo chilichonse choyenda chinafufutika. Pakona pokha ndi pomwe pakuoneka munthu amene anaima, mwendo umodzi uli pamwamba, akupolishitsa nsapato. Iyeyo ndi womupolishayo amawerengedwa kuti ndi anthu oyamba kuoneka pachithunzi, ndipo anaoneka chifukwa anaima malo amodzi.

Mumzinda wojambula ndi amene ayenera kuima. Mlendo wofika ku Blantyre amayamba ndi nyumba zotchuka, ndipo sakulakwa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo zomangamanga, ndi manja a amisiri akuno ndi njerwa zoumbidwa konkuno. Kuwala kwa m'mawa kapena kwamadzulo kukagwa chammbali, kaumbidwe ka njerwazo kamaonekera. Mandala House ya mu 1882 ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zomwe zikadaimabe m'dziko muno. Pojambula nyumba zazitali bwererani m'mbuyo m'malo mopendeketsa kamera m'mwamba, kuti makoma asaoneke ngati akugwa chagada.

Koma moyo wa mzinda uli pa depoti ndi pamsika. Sankhani ngodya imodzi ku Limbe pamene kuwala kukugwa bwino, muime pamenepo theka la ola. Poyamba anthu akuyang'anani, kenaka akuzolowerani, ndipo mzinda uyamba kudutsa pamaso panu: wa kabaza atanyamula matumba a makala, mayi wa nthochi dengu lili pamutu mwana ali kumsana, utsi wa pachiwaya ukukwera m'kuwala kwa madzulo, woitanira minibasi dzanja lili m'mwamba. Mvula ikangokata, zithaphwi za mumsewu zimasanduka kalilole. Dzuwa litangolowa, magetsi atayaka koma thambo lisanade, pamakhala mphindi zochepa zimene mzinda ndi mapiri a Soche ndi Ndirande zimaonekera limodzi.

Kusiyana kwa msika ndi nkhalango n'kwakuti wojambulidwa wa kumsika ali ndi dzina, abale ndi ulemu wake. Tsiku lina ndinaona mayi wogulitsa tomato atamanga timilu tofiira pa thebulo, kuwala kukudutsa m'pepala lapulasitiki lomwe anatchinga nalo dzuwa. Ndinakweza kamera osapereka moni. Mayiyo anaphimba nkhope ndi chitenje n'kundifunsa, "Achimwene, kwanuko anthu salonjerana?" Ndinatsitsa kamera, ndinapepesa, n'kuyambiranso pomwe ndinayenera kuyambira. Tinapatsana moni, ndinagula mulu umodzi, ndinafotokoza chimene chinandikopa. Anaseka, anakonza duku, nati, "Jambulani tsopano, koma mundionetse." Chithunzi chimene ndinatenga nditaloledwa chili ndi maso oyang'ana mwaufulu, chinthu chimene chithunzi chakuba sichikanakhala nacho.

Pemphani, ndipo wokana musamuumirize. Ana akamakuwa kuti "Tijambuleni!" kumbukirani kuti chilolezo chenicheni chili kwa makolo awo, makamaka ngati chithunzicho chikupita pa Facebook. Pamaliro, m'chipatala ndi m'nyumba zopemphereramo, funsani eni ake kaye. Gule Wamkulu ali ndi malamulo ake; pitani kwa mfumu kapena akuluakulu a mudzi, ndipo akaloleza pabwalo sindiye kuti aloleza kudambwe. Malo a asilikali, nyumba za mtsogoleri wa dziko ndi malo ena otetezedwa salola kamera m'mayiko ambiri, ndipo kandege kouluka kojambulira m'mwamba kamafuna chilolezo cha boma. Safunsa anadya phula.

Dzifunseninso chimene mukusankha kuonetsa. Kwa zaka zambiri dziko lathu lakhala likujambulidwa ndi alendo ofunafuna umphawi, mpaka anthu akunja kuganiza kuti kuno kuli njala ndi nsanza zokhazokha. Mavuto alipo ndipo sayenera kubisidwa, koma telala ali pa makina ake, wowotcherera zitsulo, ana asukulu a yunifolomu yochapa bwino ndi agogo akusewera bawo, onsewa ndi choonadi cha mzinda womwewo.

Mukabwerera kunyumba

Ulendo uli ndi adani atatu a kamera: fumbi, madzi ndi batire lakutha. Kansalu kofewa kopukutira lenzi, thumba lapulasitiki la tsiku la mvula ndi batire lapadera zimalemera pang'ono koma zimapulumutsa ulendo wonse. Madzulo aliwonse koperani zithunzi pamalo achiwiri, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Sankhani mosanyengerera, musunge zochepa zabwino. Kuwalitsa kapena kudetsa pang'ono n'kololedwa, koma kuikamo mkango pomwe panalibe mkango ndi bodza ngati bodza lina lililonse.

Koposa zonse, lembani tsiku, malo ndi mayina a anthu amene anakulolani. Chithunzi chimakula mtengo chikamakalamba. Amene anajambula nkhalango za mkungudza pa Mulanje zaka 30 zapitazo sankadziwa kuti akusunga umboni wa mtengo wa fuko lathu umene lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Amene anajambula phiri la Soche Marichi wa 2023 asanafike ali ndi nkhope ya phirilo namondwe Freddy asanalisiyire zipsera. Msika umene mukuuona wamba lero, adzukulu anu adzauyang'anitsitsa kufuna kudziwa zomwe anthu ankavala, mitengo ya zinthu yolembedwa pa makatoni, ndi nyumba zomwe zidzakhale zitagwetsedwa.

Luso limeneli silidikira tikiti ya ku Liwonde. Mawa m'bandakucha tengani foni yanu, mupite pamalo amodzi apafupi ndi kwanu, kaya ndi pachitsime, pamlatho kapena pansi pa mtengo umene mbalame zimagonamo. Perekani moni kwa amene muwapeze, mukhale pansi, ndipo kwa mphindi 15 zoyamba musajambule kanthu. Onani kumene kuwala kukuchokera, amene akudutsa, ndi chimene chikuchitika kawirikawiri. Mukayamba kudziwiratu chimene chichitike chisanachitike, monga bambo wa boti uja anadziwira kuti nkhwazi ilira, ndiye kwezani kamera.